Luzia wa Zilembo Zazikulu

1

Kuno ku Munhava, mumzinda wa Beira, amayi akakumana pampopi amati ine Graciete ndinathawa banja chifukwa cha nsanje. Ena amati sukulu inandilowa m'mutu, ati mkazi wokhalira kuyang'ana kompyuta sangapirire zomwe amayi athu ankapirira. Asiyeni anene, pakamwa ndi pawo. Ine ndasankha kuuza inu owerenga, anthu osandidziwa nkhope, chifukwa mwina inu mumvetsera mpaka kumapeto musanandiweruze.

Ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta pakampani ina yotumiza katundu kudoko la Beira. Ndine munthu wodana ndi chisokonezo, ndipo izi sindibisa. Supuni ikalowa m'malo a mipeni, mtima wanga sukhala m'malo mpaka nditaibweza. Nanga Mulungu anandipatsa mwamuna wotani? Baltazar, munthu woti sokosi imodzi ili pansi pa bedi, inzake ili m'thumba la jekete. Anali ndi situdiyo yojambulira mawu kuseri kwa nyumba yathu, kachipinda komata mathileyi a mazira m'makoma, komwe makwaya a mipingo ndi anyamata olota kutchuka ankabwera kudzajambulitsa nyimbo. Koma khutu lake linali lakuthwa. Kwaya yonse ikuyimba, iye ankatha kuloza mayi mmodzi kumbuyo n'kumuuza kuti ali ndi chimfine. Ndinamukonda chifukwa cha khutu limenelo, poti ankandimva ngakhale ndisanayankhule.

Tinali ndi mwana mmodzi, Luzia. Dzinali linali la agogo ake, amake a Baltazar, monga timachitira kwathu kuno: mwana wamkazi woyamba amatenga dzina la amayi a bambo ake, ndipo awiriwo amaonedwa ngati munthu mmodzi. Apongozi angawo sankamuitana mdzukulu, ankangoti "dzina langa". Kubadwa kwake kunali kovuta, moti madokotala anandichotsa chiberekero kuti ndikhale ndi moyo. Sindinadandaule kwenikweni, chifukwa mmodzi yemweyo ankadzaza nyumba yonse ndi phokoso.

Namondwe wamkulu atagwetsa mzinda wathu, madzi anatenga zithunzi, mafoni, zovala, chilichonse. Tinapulumuka tonse atatu n'kumathokoza Mulungu, osadziwa kuti kolera ikubwera pambuyo. Luzia anatisiya asanakwanitse zaka zinayi.

Chinatsala ndi chinthu chimodzi. Baltazar anali atakulunga disiki ya kompyuta ya kusitudiyo m'mapulasitiki n'kuimangirira kudenga. M'menemo munali fayilo yolembedwa dzina la mwanayo basi. Anali Luzia akuyimba kanyimbo kamene agogo ake anapeka okha, ka nkhanu yomwe inanyamuka kupita kumsika ikuyenda cham'mbali, n'kumadabwa kuti bwanji sikufika. Tsiku lojambula ndinalipo. Ndinkakumbukira kuti atafika pakati anaphulika kuseka, n'kunena kuti, "Amayi, malizani inu."

Zaka zinadutsa osaitsegula fayiloyo. Ngakhale foda yomwe inalimo sindinkaiyandikira. Zinkangondikwanira kudziwa kuti ilipo, monga munthu amagwirira thumba kuti amve ngati makiyi alimo.

2

Maliro atatha, ine ndi Baltazar tinkakhala ngati anthu ochita lendi nyumba imodzi. Tinkapatsana moni, tinkadyera limodzi, koma aliyense anali ndi manda ake mumtima. Iye anayamba kuyendayenda, makamaka ku Dondo, komwe ankati kuli makwaya ambiri ofuna kujambulidwa, komanso n'komwe amayi ake amakhala. Apongoziwo anasiya kubwera kwathu. Ulendo womaliza anandiuza akulira kuti dzina lawo lagona m'manda iwo akadali moyo. Ine ndinangoti ndi chisoni cha munthu wamkulu.

Anthu sanasiye kutiitana mayi a Luzia ndi bambo a Luzia. Nafenso tinkaitanana choncho. Dzinalo linkapweteka, komabe munthu akandiitana Graciete ndinkamva ngati wandivula kanthu.

Tsiku lina tikudya, Baltazar anayamba kudandaula. Anali atapeza anthu ofuna kugulitsa nyimbo za makwaya ake pa intaneti, koma anamuuza kuti mayina a mafayilo onse akhale a zilembo zazing'ono zokhazokha. Tsono ake anali chipwirikiti. Makina ena ojambulira amalemba mayina m'zilembo zazikulu, ena zazing'ono, ndipo ena ankalemba yekha mmene mutu wamuuzira tsiku limenelo. Anati adzamera imvi akusintha limodzilimodzi.

"Bambo a Luzia, muli ndi mkazi wa ntchito yomweyo m'nyumba, koma mukulira ngati wamasiye," ndinamuseka.

Anaseka nawo, koma mwachangu anati ndisavutike, ndisakhudze chilichonse, achita yekha akapeza mpata. Ndinaganiza kuti ndi kunyada kwa amuna, kuja safuna kuti mkazi aone fumbi la pansi pa tebulo lawo.

Loweruka m'mawa atanyamuka kupita ku Dondo, ndinatenga kiyi wa situdiyo. Ndinkafuna kumupatsa mphatso. Maluwa si mbali yanga, mawu okoma anali atandithera kalekale, koma ichi ndinkachitha. Ndinkaganiza kuti akabwera n'kupeza zonse zili m'malo, mwina adzandiyang'ana ngati kale.

Kwa inu osadziwa, ife timalemba chomwe timati sikiripiti. Ndi timizere ta malamulo tomwe umalembera kompyuta kuti igwire ntchito yotopetsa m'malo mwako. Yanga inali yaifupi: tenga fayilo iliyonse, sandutsa zilembo za dzina lake kukhala zazing'ono, pita pa ina. Koma pali msampha womwe aliyense wa ntchito yathu amaudziwa. Kompyuta ya Linux, ngati yomwe ndinamuikira Baltazar, imaona KWAYA ndi kwaya ngati mayina awiri osiyana, ndipo mafayilo awiri otero amatha kukhala limodzi mwamtendere. Ukasandutsa la zilembo zazikulu lija kukhala la zazing'ono, limakakhala pamwamba pa linzake, ndipo lapansilo limafufutika popanda kulira kulikonse. Pali kachizindikiro kamodzi komwe umawonjezera kuti kompyuta izikana kuchita zimenezo. Anthu atsopano kuntchito ndimawakalipira akakaiwala.

Tsiku limenelo ndinakaganizira ndithu. Ndinadutsa m'mafoda a makwaya, sindinaone mayina ofanana. Foda ya zapabanja ndinailumpha, poti sindinkafuna kuona dzina lija. Ndinadzifunsa kuti ndi munthu uti angapatse zinthu ziwiri dzina limodzi? Baltazar ndi wosalongosoka, koma si wamisala. Ndinadina batani.

Ntchito inatha tiyi wanga asanazizire. Mayina onse anaima mwaulemu ngati ana asukulu pamzere, ndipo ndinamva kukoma komwe anthu audongo okha amakudziwa. Madzulo ake disiki yosungira makope, yomwe ndinaikonza ndekha kuti izikopera zonse mmene zilili, nayonso inachita ntchito yake mokhulupirika.

Kaya kunali kusangalala, kaya chiyani, koma ndisanatseke ndinapeza mphamvu yomwe ndinaisowa zaka zonsezo. Ndinatsegula foda ya zapabanja. Dzina linalipo, limodzi, la zilembo zazing'ono. Ndinavala mahedifoni.

3

Sindingathe kukufotokozerani bwino. Kamawu kakang'ono, kosasa pang'ono, kakukoka mawu akuti nkhanu ngati kakutafuna chingamu. Ndinatsetsereka pampando mpaka pansi. Pamaliro sindinalire bwino chifukwa ndinali ngati mtengo, koma tsiku limenelo ndinalira mpaka kukhosi kuuma.

Chinthu chimodzi chokha chinandidabwitsa. Mwanayo sanaseke pakati. Anayimba mpaka kumapeto, n'kunena monyada kuti, "Papa, ndatha." Ndinabwereza kangapo kufunafuna kuseka kuja, osakupeza. Ndinadziuza kuti mutu wa munthu wolira umapeka zake. Ndinakopera fayiloyo m'foni yanga.

Baltazar anabwera Lamulungu masana atanyamula chinangwa chochokera kwa amayi ake. Ndinamukoka dzanja ngati mtsikana mpaka kusitudiyo. Ataona mayina aja nkhope yake inasintha. Anapita molunjika ku foda ya zapabanja, anaika hedifoni imodzi kukhutu, anamvera pang'ono chabe, kenako anatuluka. Ndinamumva akusanza kuseri kwa bafa. Ine wopusa ndinamutengera madzi n'kumamusisita pamsana, ndikuganiza kuti chisoni chamugwira ngati mmene chinandigwirira dzulo lake.

Atakhala pansi ndinamufunsa za kuseka kuja, kuti kodi ndinalota?

"Tinajambula kawiri," anatero akuyang'ana zala zake. "Kachiwiriko munali kukhitchini."

Ndinakhulupirira. Nanga ndikanakayikira chiyani? Lolemba m'mawa kunabwera kwaya ya amayi a mpingo wina, ndipo anaijambula tsiku lonse pakompyuta yomweyo. Kumbukirani zimenezi, chifukwa ine ndidzafa ndikuzikumbukira.

Miyezi yotsatira inali yokoma kuposa ina iliyonse chichokereni mwana wanga. Ndinkamvera nyimboyo m'minibasi popita kudoko, ndinkaimvera ndikukuna kokonati, ndinkaimvera pa nthawi yopuma anzanga akukamba za mpira. Ndinayamba kudya bwino. Masiketi omwe anali atakula anayamba kundikwananso, ndipo mnzanga wina kuntchito anandifunsa ngati ndapeza chibwenzi. Ndinamuyankha kuti inde, chazaka zitatu, chimayimba za nkhanu.

Pomwe ine ndinkanenepa, Baltazar ankaonda. Ndikatsegula nyimboyo mokweza, ankapeza chifukwa chotulukira. Tsiku lina anandipempha kuti ndizimitse. Ndinamumvera chisoni, ndinaganiza kuti amuna amachira mochedwa. Kuyambira pamenepo ndinkamvera ndekha.

4

Mtima ukachira umafuna kugawana. Ndinayamba kuganizira apongozi anga, mwini dzina, mwini nyimbo. Ndinaona kuti ndawamana chinthu chawo. Choncho kampani itandituma ku Dondo kukakonza makompyuta a kunyumba yosungira katundu, ndinagwira ntchito mothamanga n'kumaliza dzuwa lili pamutu. Ndinagula shuga ndi kapulana yabwino, chitenje chathu cha kuno, ndinakwera chopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu. Sindinaimbe foni, ndinkafuna kuwadzidzimutsa.

Nditafika pachipata ndinamva nyimbo ya nkhanu.

Choyamba chomwe ndinachita ndi kutsegula chikwama, kuganiza kuti foni yadinika yokha. Ndinaitulutsa. Inali chete, galasi lake lili bii. Koma nyimbo inkapitirira, ikuchokera kuseri kwa nyumba, mawu omwe aja, kusasa komwe kuja, kukoka nkhanu komwe kuja. Ndine munthu wopemphera, sindikhulupirira za mizukwa, koma panthawiyo ndinatchula dzina la mwana wanga.

Pakona pa nyumba panatulukira kamtsikana kakukoka chitini chomangidwa chingwe. Chipumi cha Baltazar, mpata wa mano ngati wa Luzia wanga, koma wamtali kuposa pomwe wanga analekezera. Ndinakhala pansi pafumbi ndi yunifolomu ya kuntchito.

"Azakhali, mukudwala?" kanandifunsa.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Luzia."

Ndisanapume, mayi wina woyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda n'kuitana kuti, "Mayi a Luzia, tandibwerekaniko sefa!" Pakamwa panga panayankha pokha, mwa chizolowezi cha zaka zonsezi. Nthawi yomweyo kukhitchini kunamvekanso mawu ena akuyankha, ndipo kunatuluka mtsikana wamng'ono kwa ine, akupukuta manja pakapulana. Tinayang'anana. Ine sindinkamudziwa, koma iye ankandidziwa bwino, chifukwa anagwada pomwepo n'kuweramitsa mutu. Dzina lake ndinalimva pambuyo pake, ndi Dulce. Mayi wa sefa uja anazimiririka ngati sanabwere.

Apongozi anatuluka ndi ndodo yawo. Ndinkayembekezera kuona manyazi pankhope pawo, koma panalibe. Anandiuza kuti ndilowe, za pakhomo sakambira pamsewu. Tili m'nyumba anandipatsa madzi, anadikira kuti ndimwe, kenako anayankhula modekha ngati akufotokoza za mvula.

"Mwana wanga, ine sindinakudeni, ndipo mpaka lero sindikudani. Koma ndinaikidwa m'manda ndili moyo. Inu kubereka kunatha, si kulakwa kwanu. Ndiye ndikanatani? Ndinamuuza mwana wanga kuti adzutse dzina langa ndisanafe. Anakana nthawi yaitali, musamuyese chilombo. Inu pakhomo panu palibe anakuchotsani."

Anapitiriza kunena kuti abale onse ankadziwa, kuti anagwirizana zondibisira pondimvera chisoni, ndiponso kuti Dulce ndi mwana waulemu wosafuna za mwini. Ine ndinafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati nyimbo ija anamuphunzitsa ndi iwo. Anati inde, nanga akanaphunzitsa ndani, poti ndi nyimbo ya Luzia.

Ndinasiya kapulana ndi shuga pampando n'kutuluka. Kamwana kaja kanandiperekeza mpaka pachipata kakukoka chitini chake, kanandibayibitsa.

Mukhoza kuganiza kuti m'minibasi yobwerera ndinkaganiza za Dulce, za bedi, za mabodza a makwaya a ku Dondo. Ayi. Zimenezo zinabwera masiku ena. Panjira yonse mutu wanga unali pafunso lomwe ndinadzifunsa Loweruka lija, lakuti ndi munthu uti angapatse zinthu ziwiri dzina limodzi.

5

Ndinamupeza m'situdiyo akukulunga mawaya. Ndinatseka chitseko. Chikwatiranireni ndinali ndisanamutchulepo iwe, koma tsiku limenelo ulemu unali utatsala ku Dondo.

"Iwe Baltazar, m'foda muja munali mafayilo angati a dzina la Luzia?"

Anayang'ana fumbi lomwe linali pa siketi yanga, ndipo anadziwa komwe ndachokera. Anakhala pa sipika. Anati awiri.

Zotsalazo anazinena yekha, ine osafunsa. Anati mwana wa ku Dondo atafika msinkhu womwe wathu anayimbira, anamujambula naye nyimbo yomweyo. M'foni sakanasunga, poti foni yake ikavuta ndimakonza ndine. Ndiye anaiika pamalo amodzi okha omwe ankadziwa kuti sindidzafikapo, pambali pa fayilo ya mwana wathu, dzina lomwelo koma m'zilembo zazikulu kuti iye azisiyanitsa. Anati ankafunanso kuti ana akewo akhale pamodzi penapake, ngakhale m'kompyuta momwemo. Ananena zimenezi akulira, ndipo ndikukhulupirira kuti sankanama.

Choncho sikiripiti yanga inatenga Luzia wa zilembo zazikulu n'kumukhazika pamwamba pa Luzia wanga. Mwana yemwe ndinamulirira pansi m'chipinda chomwecho, yemwe anandibwezera chilakolako cha chakudya, yemwe ndinkamupsompsona pagalasi la foni, anali mwana wa Dulce.

"Unadziwa liti?"

"Lamulungu lomwe lija. Nditangomva mawu oyamba."

Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse, owerenga, ndipo ndi pomwe amayi a pampopi sapadziwa. Fayilo ikafufutika siichokeratu nthawi yomweyo. Kompyuta imangoona malo ake ngati opanda mwini, ndipo zinthu zatsopano zikamabwera zimakhala pamenepo pang'onopang'ono. Ukazimitsa makina msanga, nthawi zambiri umatha kupulumutsa. Baltazar ankadziwa zimenezi. Ndinali nditamupulumutsirapo nyimbo za makasitomala ake mwa njira yomweyo, iye ataimirira kumbuyo kwanga akundiitana mfiti ya makompyuta.

"Unkadziwa kuti ukanandiuza tsiku lomwelo ndikanayesa kumubweza?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye m'mawa mwake unajambula kwaya. Pamwamba pake."

"Graciete, ndikanakuuza bwanji chimodzi osakuuza chinacho? Ndinkaopa kukutaya."

"Ndiye unasankha kutaya Luzia."

Munthu wa khutu lakuthwa uja, womva chimfine pakati pa kwaya, anakhala miyezi yonseyo akundimva ndikuyimba limodzi ndi mwana wa mkazi wina, osatsegula pakamwa. Tsiku lililonse lomwe ankajambula nyimbo yatsopano ankadziwa chomwe akukwirira. Ndinazula mawaya a kompyuta, ndinatenga madisiki onse awiri, ndinapita kwa mchemwali wanga.

6

Ndinapempha tchuthi kuntchito. Masiku ambiri ndinakhala patebulo la mchemwali wanga ndikusefa madisiki aja ndi nzeru zonse zomwe ndinaphunzira, kutola tizidutswa ta mawu totsalira m'malo opanda mwini. Ndinamvera chilichonse. Ma aleluya osawerengeka, anyamata olumbira kuti adzagula galimoto, kulengeza malonda a nsomba zouma, m'busa wina akutsokomola. Mchemwali wanga ankandiikira chakudya pambali n'kuchichotsa chitazizira.

Ndinapeza kachidutswa kamodzi. Kamayamba ndi phokoso la fani yakale yomwe inapita ndi madzi. Kenako mawu anga, achitsikana, osadziwa kanthu, akuti, "Imba, Luzia, Papa akudikira." Kenako mwana akukoka mpweya kuti ayambe. Pomwepo amayi a kwaya ya Lolemba lija amalowa ndi chikondwerero chawo.

Ndi zokhazo. Pa dziko lonse lapansi, chomwe chatsala cha mwana wanga ndi mpweya umodzi umenewo.

Ankhoswe anatiitanitsa. Baltazar anagwada, analonjeza chilichonse chomwe munthu angalonjeze. Amalume ake anati si ine woyamba kupeza kuti mwamuna ali ndi mwana kunja, ndipo amayi ambiri amalera ana otero n'kukalamba mwaulemu. Ndinayesa kufotokoza za fayilo, za Lamulungu, za Lolemba. Ankandiyang'ana ngati ndikuyankhula chizungu cha m'mabuku. Pamapeto amalumewo anafunsa ngati ndikuthetsadi banja chifukwa cha kanyimbo. Ndinati inde, chifukwa ndinatopa. Ndinapeza chipinda cha lendi kufupi ndi msewu wa kudoko, ndipo ndi momwe ndikulembera izi.

7

Owerenga anzanga, sindinalembe kuti mundiuze kuti Baltazar ndi woipa. Ndikanakonda akanakhala woipa, bwenzi zikuphweka. Za Dulce mwina ndikanakhululuka m'kupita kwa nthawi, poti ndaona amayi olimba kuposa ine akukhululuka zoposa apa. Apongozi anga ndi munthu woopa kuiwalika, ndipo mantha amenewo ndikuwadziwa tsopano. Mbali yanganso ndikuidziwa. Chala chomwe chinadina batani ndi changa, ndipo kachizindikiro kaja ndinakasiya ndikukadziwa. Koma kulakwa kwanga kunali ndi mankhwala kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo munthu yekhayo amene ankadziwa anakhala chete kuti adzipulumutse. Ngati muli ndi chinthu chomwe mukubisira wokondedwa wanu poopa kumutaya, dzifunseni chomwe chikufufutika tsiku lililonse mukadali chete.

Chomwe chimandiwawa koposa sindinauzepo munthu, ngakhale mchemwali wanga. Ndikatseka maso kuti ndikumbukire mawu a mwana wanga, amabwera ndi a mwana wa ku Dondo. Ndinawamvera kwambiri, m'minibasi, kukhitchini, paliponse, mpaka anakhala pamwamba pa enawo m'mutu mwanga momwe. Ndimadziwa kuti Luzia wanga anaseka pakati pa nyimbo, koma kusekako sindikukumvanso. Ndimangodziwa ngati nkhani yomwe wina anandiuza.

Ndipo fayilo ija sindinaifufute. Ndayesapo, chala chimakana. Kamwana kaja sikanandilakwire, kanangondifunsa ngati ndikudwala. Ndi mlongo wake wa mwana wanga, magazi amodzi, ndipo palibenso kwina komwe ndingapeze mawu oyandikira chotero.

Ndiye m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimakhala pabedi n'kuvala mahedifoni. Ndimayamba ndi kachidutswa kaja. Ndimadzimva ndikuti imba, ndimamva mwana wanga akukoka mpweya, ndipo amayi a kwaya asanalowe ndimasinthira ku nyimbo ya mnzakeyo. Ndimamulola ayimbe, ndikudziwa bwino lomwe kuti si wanga. Nkhanu ikafika pakati pa njira, pomwe Luzia wanga anasekera, ndimazimitsa.

Kotsalako ndimamaliza ndekha, monga mwana wanga anandipempha tsiku lojambula lija.